Puloteni ikachuluka m'chotupa cha kummero: zimene madokotala amawerengapo

Pakapita miyezi ingapo, nkhani yofanana imabwereranso pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp: akuti asayansi a ku China, ku Japan kapena ku Ulaya apeza puloteni imene imasonyeza kuti khansa ya kummero ndi yolusa. Ena akaiwerenga amasangalala, amayesa mankhwala apezeka. Ena amayamba kukayikira nyemba, mazira ndi usipa, poti kusukulu tinaphunzira kuti zimenezi ndiye zakudya za mapuloteni. Palinso ena amene amafunsa ali ndi pepala m'manja. M'bale wawo anachoka ku chipatala cha boma cha Mangochi kupita ku Zomba kapena ku Queens ku Blantyre, mwinanso anakafika kuchipatala cholipira kapena kunja kwa dziko, ndipo zotsatira zabwera zili ndi zilembo ngati p53, Ki-67 kapena HER2, pambali pake pali nambala.

Tiyambe ndi chophweka. Nkhaniyi sikukhudza ndiwo za m'mbale. Usipa, chambo, nandolo, idyani ndithu, ndipo wodwala khansa amazifuna kuposa munthu wina aliyense chifukwa thupi lake limatha msanga. Mapuloteni amene akunenedwa ndi amene maselo a chotupa amadzipangira okha.

Mmero ndi khansa yake

Mmero umene tikunena pano si kholingo lopumira. Ndi njira ya chakudya, yotalika pafupifupi masentimita 25 mwa munthu wamkulu, yochokera kukhosi, kudutsa kuseri kwa mtima, mpaka kukalowa m'chifu. Mkati mwake mwayalidwa maselo athyathyathya osanjikizana, ofanana ndi a mkati mwa tsaya. Khansa ikayambira m'maselo amenewa, madokotala amaitcha squamous cell carcinoma. Pali mtundu wina, adenocarcinoma, umene umayambira chakumunsi pafupi ndi chifu, kawirikawiri mwa anthu amene asidi wa m'mimba wakhala akuwabwerera kummero kwa zaka zambiri. Mtundu wachiwiriwu ndi wofala ku Britain, ku America ndi m'mayiko ena olemera. Kuno kwathu, pa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 kapena kuposa amakhala ndi mtundu woyamba uja. Kusiyana kumeneku musakuiwale, tikufika nako kutali.

Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa imene ili ku Lyon m'dziko la France, linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 604,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa ya kummero, ndipo pafupifupi 544,000 anamwalira nayo. Taonani mmene manambala awiriwo ayandikirana. Tikayerekeza ndi chiwerengero cha anthu a m'dziko, Malawi ili pamwamba penipeni, m'chigawo cha matendawa chimene chimachokera ku Ethiopia, kudutsa Kenya ndi Tanzania, mpaka ku Eastern Cape ku South Africa. Madera ena odziwika nayo ndi kumpoto kwa Iran ndi mbali zina za China, monga Linzhou m'chigawo cha Henan.

Zimene zimakweza chiopsezo zina n'zodziwika bwino: fodya ndi mowa, makamaka waukali ngati kachasu. Mu 2016 IARC inanena kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zimathandizira khansa imeneyi, ndiye tiyi ndi phala lowotcha lilime zili pamndandanda. Ofufuza akuyang'ananso utsi wa nkhuni m'makhitchini opanda mawindo, mano osasamalidwa, ndi kuchepa kwa mchere wotchedwa selenium m'nthaka ndi m'chimanga. Komabe aliyense wa kuno angakuuzeni za munthu amene sanalawepo mowa chibadwire, sanasutepo, koma nsima inayamba kumukakamira pakhosi.

Kodi chotupa "cholusa" ndi chotani?

Dokotala akanena kuti chotupa ndi cholusa, amatanthauza kuti chikukula msanga, chikuboola minofu yoyandikana nayo, chikufalikira kutali, kapena chimabwereranso chitachotsedwa. Njira zoyezera zimenezi zinalipo kalekale anthu asanayambe kukamba za mapuloteni, ndipo ndi ziwiri.

Yoyamba ndi siteji, kutanthauza pamene matenda afika. Dongosolo limene likugwiritsidwa ntchito padziko lonse, la zilembo T, N ndi M, analiyambitsa dokotala wa opaleshoni wa ku France, Pierre Denoix, pakati pa 1943 ndi 1952. T imanena mmene chotupa chazamira m'khoma la mmero. N imanena ngati chalowa m'tiziwalo ta mwanabere tapafupi. M imanena ngati chafika kutali, monga kuchiwindi kapena kumapapo. Yachiwiri ndi giredi, kutanthauza maonekedwe a maselo pa maikulosikopu. Ngati maselo a chotupa akufananabe ndi maselo abwinobwino a mmero, giredi ndi yotsika. Ngati asokonekera moti sakudziwikanso kumene anachokera, giredi ndi yokwera. Albert Broders wa ku Mayo Clinic ku America ndiye anayamba kuika zotupa m'magiredi otere mu 1920.

Mmero uli ndi tsoka lake. Matumbo ndi chifu zili ndi chikopa chakunja chimene chimachedwetsako chotupa kutulukira kunja, koma mbali yaikulu ya mmero ilibe. Timitsempha ta mwanabere tili pafupi kwambiri ndi mkati mwake, ndiye maselo a khansa amapeza njira msanga. Chinanso n'chakuti mmero umatanuka. Chotupa chimatha kukula kwa nthawi yaitali munthu akudya bwinobwino. Pofika tsiku limene nsima ikukana kutsika, njira imakhala itachepa kale kwambiri. Munthu amayamba kufewetsa nsima, kenako amatsikira ku phala, kenako thobwa ndi madzi, mpaka malovu omwe amavuta kumeza. Ambiri amafika kuchipatala ali pa phala kapena pa madzi, thupi litatha. N'chifukwa chake munthu amene chakudya chakhala chikumuvuta kumeza kwa milungu ingapo, makamaka akuonda, asamangodalira mankhwala a m'golosale. Apemphe kuti amuunike kummero ndi kachubu ka kamera kaja, endoscopy.

Siteji ndi giredi zimanena zambiri, koma zimasiya mpata. Odwala awiri amatha kukhala a msinkhu umodzi, siteji imodzi, giredi imodzi, kulandira chithandizo chimodzi, wina n'kukhala zaka, wina n'kutha miyezi yochepa. Kafukufuku wa mapuloteni akufuna kudzaza mpata umenewu.

Kuchuluka kwa puloteni

Selo lililonse la m'thupi lili ndi DNA, mmene mwalembedwa malangizo a chibadwa. Kachigawo ka DNA kamene kali ndi malangizo opangira puloteni imodzi kamatchedwa jini, ndipo munthu ali ndi majini otere pafupifupi 20,000. Mapuloteni ndiwo amagwira ntchito zonse za selo. Ena amamanga, ena amagaya, ena amakhala pakhungu la selo kulandira uthenga wochokera kunja, ena amalamula selo kuti ligawikane, ena amaliletsa. Selo labwino limapanga puloteni iliyonse pa mlingo wake ndi pa nthawi yake, ndipo yakale limaiphwanya.

Asayansi akati overexpression, amatanthauza kuti selo lili ndi puloteni inayake yambiri kuposa mlingo umenewo. Zimachitika m'njira zingapo. Nthawi zina jini imene imayenera kupezeka kawiri kokha, imodzi yochokera kwa mayi, ina kwa bambo, imachulukitsidwa mpaka kupezeka maulendo makumi angapo m'selo limodzi. Izi zimachitika kawirikawiri ndi jini ya cyclin D1 pa kromozomu 11 (umodzi mwa mitolo ya DNA ya m'selo) mu khansa yathu ino ya squamous, ndipo cyclin D1 ndi puloteni yokankhira selo kuti ligawikane. Nthawi zina jini ndi yosachuluka, koma chimene chimaitsegula chakanirira osatsekanso. Nthawi zinanso selo silikupanga zambiri, kungoti likulephera kuchotsa zakale, ndiye zikuunjikana. Papepala la zotsatira, njira zitatuzi zimatha kuoneka chimodzimodzi, pamene tanthauzo lake n'losiyana kutali.

Amaziona bwanji?

Pa endoscopy dokotala amatsina tinyama tingapo ta chotupa, kalikonse kosaposa njere ya mpunga. Timaikidwa m'mankhwala otchedwa formalin kuti tisawole, kenako timaumbidwa m'phula, n'kusengedwa mopyapyala kwambiri, pafupifupi mamaikulomita 4, kupyapyala kuposa tsitsi maulendo oposa khumi. Kachidutswako kamamatidwa pagalasi. Akafuna kuona puloteni inayake, amathirapo antibody, puloteni ina yopangidwa mwapadera kuti ikakamire ku puloteni yokhayo imene akuifuna, kenako mankhwala amene amasiya mtundu wofiirira paliponse pamene antibody yakakamira. Dokotala woyeza minofu amayang'ana pa maikulosikopu n'kuona kuti ndi maselo angati afiirira, ndipo afiirira kwambiri kapena pang'ono.

Njirayi imatchedwa immunohistochemistry. Anaiyambitsa Albert Coons ku Harvard mu 1941, pogwiritsa ntchito utoto wowala, koma inafala pambuyo pa 1975, pamene Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge anapeza njira yopangira antibody ya mtundu umodzi yambirimbiri. Awiriwa analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1984.

Apa pali mfundo imene nkhani za pa intaneti sizitchula. Chimene chikuyezedwa ndi mtundu pagalasi, ndipo mtundu umasintha ndi zinthu zambiri zosakhudza matenda. Kanyama kakachedwa kulowa mu formalin, mapuloteni ena amawonongeka. Kakakhalamo nthawi yaitali, antibody imalephera kukakamira bwino. Pa HER2, malangizo a akatswiri amati kakhalemo pakati pa maola 6 ndi 72. Ganizirani tsono botolo limene likudikira galimoto yopita ku labotale ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe, m'nyengo yotentha ya Okutobala. Madokotala oyeza minofu m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo labotale ya chipatala cha Kamuzu Central inangoyamba ntchito imeneyi mu 2011. Makampani osiyana amagulitsanso ma antibody osiyana a puloteni imodzi yomweyo. Ndipo chotupa si chofanana paliponse: mbali ina imatha kufiirira, ina ayi, pamene kanyama katsinidwa pamalo amodzi kapena awiri.

Nkhani ya p53

Palibe puloteni imene imaphunzitsa kusamala kuposa iyi. Inapezeka mu 1979 ndi magulu angapo a ofufuza, kuphatikizapo David Lane ndi Lionel Crawford ku London, komanso Arnold Levine ndi Daniel Linzer ku Princeton. Inkapezeka yambiri m'maselo a khansa ndipo yochepa kwambiri m'maselo abwino. Kwa zaka pafupifupi khumi asayansi ankakhulupirira kuti ndiyo imayambitsa khansa. Zinali zomveka: ili yambiri pamene pali matenda. Cha mu 1989, gulu la Bert Vogelstein ku Baltimore ndi ena anaonetsa kuti zinali zosiyana. Ntchito yeniyeni ya p53 ndi kuletsa khansa. DNA ikawonongeka, p53 imaimitsa selo kuti likonzedwe, ndipo likakhala losakonzeka imalilamula kuti life. Mu 1992 Lane anaitcha mlonda wa chibadwa chonse.

Nanga bwanji imachuluka m'chotupa? P53 yabwino simakhalitsa. Imapangidwa n'kuphwanyidwa pasanathe ola, n'chifukwa chake pagalasi simaoneka kwenikweni. Jini yake ikawonongeka, puloteni yolumala imene imatuluka siigwira ntchito, komanso selo limalephera kuichotsa, ndiye imaunjikana. Kufiirira kwambiri kwa p53 ndi mulu wa puloteni yosagwira ntchito. Chodabwitsa china n'chakuti kuwonongeka kwina kwa jini yomweyo kumachititsa kuti puloteni isapangidwe n'komwe, galasi n'kukhala loyera mbee. Choncho kufiirira kwambiri ndi kusafiirira konse, zonse ziwiri zimatha kutanthauza vuto limodzi.

Pa khansa ya kummero ya squamous palinso china. Jini ya p53 imapezeka yowonongeka m'zotupa pafupifupi 9 mwa 10. Chinthu chimene pafupifupi aliyense ali nacho sichingathandize kwambiri kusiyanitsa wodwala uyu ndi uyo. Kafukufuku wina anapeza kuti p53 yambiri imayenda ndi kufa msanga, wina sanapeze kusiyana kwenikweni, ndipo mpaka lero madokotala sasankha chithandizo cha khansa ya kummero potengera p53.

Chizindikiro ndi choyambitsa

Amene mumakhala kufupi ndi madoko a ku Makanjira, Malembo kapena m'mbali mwa Malombe mukudziwa izi. Mukaona ageni adzaza padoko m'mawa, njinga ndi mabeseni paliponse, mumadziwa kuti usiku nsomba zaphedwa zambiri. Ageniwo ndi chizindikiro chodalirika ndithu. Koma mutawathamangitsa m'mawawo, nsomba zimene zaphedwa sizichepa. Makoka ndi osiyana. Akachuluka nsomba zimaphedwa zambiri, ndipo a Fisheries akawaletsa nthawi yotseka nyanja, kupha kumatsikadi. Mapuloteni a m'chotupa nawo ali m'magulu awiri otere. Ena amangosonyeza kuti zinthu zikuthamanga. Ena ndiwo akuthamangitsa zinthuzo, ndipo amenewa ukawatseka ndi mankhwala, chotupa chimamva.

Ki-67 ili m'gulu la ageni. Anaipeza Johannes Gerdes ndi anzake mu 1983 ku Kiel ku Germany. Imapezeka m'maselo amene ali pa ntchito yogawikana, ndipo m'maselo opuma mulibe. Pepala likati Ki-67 ndi 70 peresenti, ndiye kuti pa maselo 100 owerengedwa, 70 anali m'kati mwa kugawikana. M'zotupa zina, monga za mtundu wa neuroendocrine, zoyambira m'maselo opanga mahomoni, nambala imeneyi ndi yofunika zedi ndipo giredi imachokera pomwepo. Pa khansa ya kummero ya squamous, tanthauzo lake silinakhazikike. Chotupa chogawikana msanga chimakula msanga, inde, koma chemotherapy (mankhwala opha maselo a khansa) ndi radiation (kuwotcha chotupa ndi cheza champhamvu) zimapha kwambiri maselo omwewo ogawikana msanga. Nambala yokwera imatha kukhala nkhani yoipa kwa amene salandira chithandizo, ndi yabwinoko kwa amene akulandira.

HER2 ndiye chitsanzo cha makoka. Ndi puloteni ya pakhungu la selo yolandira uthenga wakuti ligawikane. Mu 1987 Dennis Slamon wa ku Los Angeles anaonetsa kuti amayi odwala khansa ya m'mawere amene jini ya HER2 yachulukitsidwa m'chotupa chawo, matenda ankawabwerera msanga. Panapangidwa mankhwala, trastuzumab, amene amakakamira HER2, ndipo anavomerezedwa ku America mu 1998. Chizindikiro cha tsoka chinasanduka khomo la chithandizo. Mu 2010 kafukufuku wotchedwa ToGA anayesa mankhwala omwewo pa khansa ya m'chifu ndi ya polumikizira mmero ndi chifu, mwa odwala a HER2 yambiri. Theka la amene analandira chemotherapy yokha anakhala moyo kupitirira miyezi 11.1, pamene theka la amene anawonjezeredwa trastuzumab anapitirira miyezi 13.8. Kusiyanako si kwakukulu, koma n'kwenikweni, ndipo kuyambira pamenepo odwala a mtundu umenewo amayezedwa HER2. Zotsatira zimalembedwa 0, 1+, 2+ kapena 3+, ndipo 2+ imafuna kuyezanso jini yeniyeniyo kuti atsimikize. Koma kumbukirani mitundu iwiri ija. Zonsezi ndi za adenocarcinoma. Kwa wodwala squamous, amene ndiye wodwala wa ku Namwera kapena ku Monkey Bay, HER2 kawirikawiri sisintha kanthu.

EGFR ndi m'bale wake wa HER2, ndipo nkhani yake ndi yokhumudwitsa. Imapezeka yochuluka m'zotupa zambiri za squamous za kummero, ndipo ofufuza ambiri anapeza kuti ikachuluka odwala sakhalitsa. Mankhwala oitseka analipo kale, akugwira ntchito pa khansa zina. Aliyense ankayembekezera kuti zikhala ngati za HER2. Ku Britain anayesa kuwonjezera amodzi mwa mankhwalawo, cetuximab, pa chemotherapy ndi radiation m'kafukufuku wotchedwa SCOPE1, ndipo zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti olandira mankhwala owonjezerawo sanapindule, anavutika kwambiri, ndipo kafukufukuyo sanapitirire. Kafukufuku wina wa ku Britain komweko, wa mankhwala ena otseka EGFR otchedwa gefitinib, anatuluka mu 2014 osaonetsa kuti odwala onse pamodzi akukhalitsa. Pambuyo pake, atabwerera ku tinyama tosungidwa, anapeza kuti kagulu kochepa kamene jini ya EGFR inali yochulukitsidwa kanaoneka kuti kanapindulako. Apa m'pamene njira zitatu zija zimasiyanirana: puloteni kufiirira pagalasi sikutsimikiza kuti chotupa chikudalira puloteniyo kuti chikhale moyo.

PD-L1

Iyi ndi yatsopano ndipo ikukhudza squamous mwachindunji. Asilikali a m'thupi, maselo otchedwa T, ali ndi puloteni yotchedwa PD-1, imene Tasuku Honjo wa ku Kyoto anaipeza mu 1992. Ikakhudzana ndi inzake, PD-L1, selo la T limaleka kumenya. Thupi limachita zimenezi kuti lisadzivulaze lokha, koma zotupa zina zimadzikuta ndi PD-L1 yambiri kuti asilikali azizidutsa. Mankhwala monga pembrolizumab ndi nivolumab amalepheretsa kukhudzanako. Honjo analandira Nobel mu 2018 pamodzi ndi James Allison.

M'kafukufuku wa KEYNOTE-590 amene anafalitsidwa mu 2021, odwala squamous yofalikira amene anali ndi PD-L1 yambiri, theka la olandira chemotherapy yokha anapitirira miyezi 8.8, ndipo theka la owonjezeredwa pembrolizumab anapitirira miyezi 13.9. Pano puloteni ikuthandizadi kusankha chithandizo. Ngati PD-L1 yambiri payokha imatanthauza chotupa cholusa, ofufuza sagwirizana. Ndipo mtengo wa mankhwalawa ndi woti banja wamba la kuno silingaufikire ngakhale litagulitsa bwato, injini ndi munda.

Kuwerenga nkhani ya kafukufuku

Kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu amayenda chonchi. Ofufuza amatenga tinyama tosungidwa ta odwala, mwina zana limodzi kapena awiri, amene anachitidwa opaleshoni zaka zapitazo. Amathira antibody, n'kugawa odwalawo pawiri, a puloteni yambiri ndi a yochepa, kenako amayang'ana m'mabuku kuti anakhala moyo nthawi yaitali bwanji. Akapeza kusiyana amakulemba ndi nambala yotchedwa hazard ratio. Ikakhala 2, ndiye kuti pa nthawi iliyonse imfa zinkachitika mowirikiza kawiri m'gulu limodzi poyerekeza ndi linalo. Nambalayi imanena za gulu. Mkati mwa gulu loipalo mumakhala anthu amene anakhala zaka zambiri, ndipo m'gulu labwinolo mumakhala amene sanakhalitse. Palibe dokotala woona amene angayang'ane kufiirira kwa galasi n'kuuza banja kuti bambo atsala ndi miyezi yakuti.

Mayina a mapuloteni amene alengezedwapo motere pa khansa ya kummero ndi ambirimbiri: VEGF imene imaitana mitsempha yatsopano ya magazi kuti idyetse chotupa, survivin imene imaletsa selo kufa, ma MMP amene amasungunula minofu yozungulira, ndi ena. Amene analowa m'ntchito ya tsiku ndi tsiku ya chipatala mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Zifukwa zake zimadziwika. Malire a "yambiri" ndi "yochepa" gulu lililonse limaika ake, ndipo ena amawasankha ataona kale zotsatira. Kafukufuku amene wapeza kusiyana amafalitsidwa mosavuta, amene sanapeze kanthu amatsalira m'kabati. Kawirikawirinso puloteni imachuluka m'zotupa zimene zafika kale siteji yapamwamba, ndiye siikuwonjezera chilichonse pa zimene siteji yanena kale. Mu 2005 akatswiri anatulutsa malamulo a kalembedwe ka kafukufuku wotere, otchedwa REMARK, pofuna kuchepetsa mavuto amenewa, koma si onse amawatsatira.

Ine ndikaona mutu wa nkhani wotere, ndimafunsa kaye kuti odwalawo anali a kuti, a mtundu uti wa khansa, ndipo anali pa siteji yanji. Ambiri amakhala a ku China ndi ku Japan, amene anapezeka msanga moti opaleshoni inatheka. Odwala athu ambiri amafika opaleshoni isakuthekanso. Chimene chimawathandiza ndi stent, kachubu ka waya kamene kamaikidwa kummero kutsegula njira kuti athe kumeza, pamodzi ndi mankhwala ochepetsa ululu monga morphine ndi chisamaliro cha kunyumba. Kwa munthu amene wafika pamenepo, nambala ya Ki-67 sisintha chimene dokotala achite mawa. Izi sizikutanthauza kuti kafukufukuyu ndi wachabe. Trastuzumab ndi pembrolizumab zinachokera m'ntchito yomweyi, ndipo ntchitoyo inatenga zaka makumi.

Zimene sizinayankhidwe

Funso loyamba ndi lakuti kodi chotupa cha munthu wa ku Mangochi n'chofanana mkati mwake ndi cha munthu wa ku Henan? Pali poyambira. Mu 2016 ofufuza ogwira ntchito ndi UNC Project ku Lilongwe, bungwe lofufuza za umoyo la yunivesite ya North Carolina ya ku America, anafalitsa zimene anapeza atawerenga majini a zotupa za odwala 59 a ku Malawi, ndipo majini ambiri owonongeka, kuphatikizapo wa p53, anali omwe amapezekanso ku Asia. Mu 2021 kafukufuku wamkulu wa zotupa 552 zochokera m'mayiko 8, Malawi, Kenya ndi Tanzania ali momwemo, anafufuza zipsera zimene zinthu zowononga zimasiya pa DNA, poyembekezera kuti mayiko a khansa yambiri aonetsa chipsera chawochawo. Sichinapezeke. Zotupa za m'mayiko a khansa yambiri ndi a khansa yochepa zinkaoneka zofanana kwambiri. Ngati zili choncho, n'chiyani chikuchulukitsa matendawa kuno? Ndipo kufanana kwa majini kukutanthauza kuti malire a PD-L1 oikidwa pa odwala a ku Asia ndi ku Ulaya agwiranso ntchito pa munthu amene ali ndi HIV, kapena amene wakhala akusowa zakudya kwa miyezi?

Funso lina ndi la ndalama, ndipo pamenepa akatswiri amasiyana maganizo. Ena amati dziko limene lili ndi malo ochepa a endoscopy liike ndalama zake pa kupeza matenda msanga, pa ma stent ndi pa mankhwala a ululu, chifukwa kuyeza puloteni imene mankhwala ake palibe n'kungowonjezera pepala. Ena amayankha kuti ngati ma labotale athu saphunzira kuyeza zimenezi panopa, odwala athu sadzalowa m'kafukufuku wa mankhwala atsopano, ndipo mitengo ikadzatsika, monga inatsikira ya ma ARV, tidzapezeka tilibe njira yodziwira oyenera kulandira.

Palinso funso lakuti mapuloteni angathandize kumayambiriro m'malo mwa kumapeto. Ku Cambridge, gulu la Rebecca Fitzgerald linapanga kasiponji kokhala m'kapisozi komangidwa ku ulusi. Munthu amakameza, kapisoziyo imasungunuka m'chifu, namwino n'kukoka ulusi, siponji n'kutuluka itapala maselo a mmero. Maselowo amayezedwa puloteni yotchedwa TFF3 pofufuza kusintha kumene kumatsogolera ku adenocarcinoma. Ofufuza ena akuyesa njira yofanana pa squamous, koma puloteni kapena chizindikiro chodalirika choti chiziyezedwa pa mtundu umenewu sichinakhazikitsidwe. Chitapezeka, kodi kuyezako kungachitikire pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo opezeka ndi vuto angatumizidwe kuti, pa nthawi yake?

Ndipo kodi puloteni imodzi payokha idzanenapo zokwanira, kapena padzafunika kuwerenga zambiri pamodzi, kapenanso tizidutswa ta DNA ya chotupa toyandama m'magazi, zimene ma labotale a kunja akuyesa panopa? Njira zoterozo zikadzatsimikizika, zidzafuna makina, magetsi osathimathima ndi akatswiri, ndipo amene adzalipire zonsezo sanadziwike.